Mtanda Wopanda Dzina

Pamgodi wathu wa golide, kufupi ndi Mvuma ku Rodeshiya, munthu wokhala pansi anali ngati mpope wa m'komboni: aliyense wodutsa ankafuna kutungapo. Ukangotsamira khoma, wina wafika kale ndi ntchito yoti umugwirire, ndipo mawu oyamba ankakhala amodzimodzi: "Poti mwangokhala, achimwene..." Mawu amenewa ndinawamva zaka zambiri.

Ndinafika kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu nkhondo yaikulu yachiwiri isanayambe, ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka. Poti ndinali nditaphunzirako zilembo pasukulu ya mishoni, sananditsitse pansi kukaswa miyala ngati anzanga. Mzungu wa kushedi ya zitsulo anandipatsa burashi. Ntchito yanga inali kulemba manambala pa ngolovani, tingolo tachitsulo totulutsira miyala mumgodi, ndi kupenta mawu oti NGOZI paliponse pamene munthu anali atavulala kale. Eni mgodi anali anthu osamala kwambiri. Malo akangodya mwendo wa munthu, m'mawa mwake chikwangwani chili pomwepo.

Kujambula nkhope kunandigwira ngati chimfine, osadziwa wandipatsira ndani. Tsiku lina masana kapitawo wathu anagona pamthunzi wa thanki, kukamwa kuli yasa. Ine ndinali ndi penti yakuda yotsalira m'chitini ndi chivindikiro cha bokosi la danamaiti. Ndinamujambula. Mphuno inapita kwina, makutu kwina, koma kukamwako kunali kwake ndithu, ngakhale mayi ake akanavomereza. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu wovuta kucheza naye. Munthu akundiuza za imfa ya amalume ake, ine ndikuganiza kuti tsaya lakelo lifuna penti yofiira yochuluka bwanji.

Zipangizo sizinavute. Matabwa a mabokosi anali mbwee kuseri kwa shedi. Penti yotsalira pansi pa zitini nditaipempha, mzungu anangoponya dzanja osandiyang'ana n'komwe. "Tata lo, hamba," anatero, kutanthauza kuti nditenge ndichoke pamaso pake. Mitundu inali inayi basi, yofiira, yoyera, yakuda ndi yachikasu, koma nkhope ya munthu imatuluka yonse m'mitundu imeneyi ukadziwa kusakaniza. Chimene ndinalibe chinali nthawi.

Masiku asanu ndi limodzi anali a kampani, kuyambira pamene amenya chitsulo cha njanji m'bandakucha mpaka dzuwa litapendeka. Pofika kunyumba kuwala kunali kutatha, ndipo pa kandulo penti yofiira ndi yakuda zimaoneka zapachibale. Lamulungu m'mawa unali wa Mulungu, ndipo Iyeyo sindinkafuna kulimbana naye. Tikatuluka m'tchalitchi tinkakhala pansi pa mtengo pa msonkhano wa sosaite ya maliro, gulu lathu la anthu a ku Nyasalande lothandizana kuikana m'manda kudziko la eni. Kumeneko sukanajomba, chifukwa maliro n'kulirana, ndipo palibe amene ankafuna kudzakwiriridwa ndi apolisi a komboni popanda nyimbo. Chotsala changa chinali kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko masana a Lamulungu. Maola atatu pa sabata. Sindinkapempha ng'ombe.

Koma maola atatu amenewo komboni yonse inkawadziwa. Ndikangoika thabwa pamiyendo, "Odi!" Uyu akufuna ndimulembere kalata yopita kwa mkazi wake ku Dowa, ndipo kalatayo iyambe ndi moni kwa aliyense m'mudzimo mpaka mbuzi. Akachoka, wina akufuna ndimuwerengere imene walandira, kenako ndiwerengenso kachiwiri, mwina mawu asintha. Wina wabwera ndi bokosi lake kuti ndilembepo dzina, popeza akupita kumudzi chaka chamawa, monga ankaneneranso chaka chatha. Oipitsitsa anali oti, "Ndangoti ndikuoneni." Amenewa panalibe chowachotsa. Amati mlendo ndi mame, koma mame a m'komboni mwathu dzuwa silinkawaumitsa.

Kukana sindikanatha. Munthu wodziwa kulemba akakanira mnzake kalata, ndiye kuti wamusandutsa mtchona, ndipo mbiri imakafika kumudzi kuti mwana wa uje wadzikuza ndi sukulu. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuuza mlendo kuti ndili pantchito. Anayang'ana thabwa langa, anayang'ana burashi, anafunsa ngati mzungu ndiye wandituma. Nditati ayi, anafunsa ngati pali wogula. Nditatinso ayi, anaseka momasuka, nakoka mpando. "Ndiye mwangokhala," anatero.

Panthawiyi n'kuti nditaitanitsa mkazi wanga kuchokera kumudzi, ndipo atatipatsa kanyumba kumzere wa anthu apabanja. Ndinene chilungamo apa, ngakhale ndinachiona mochedwa. Alendo amene ankandidyera nthawi aja, kwa mkazi wanga anali abale okhawo amene anali nawo m'dziko lonse la Rodeshiya. Amuna akakhala nane kukhonde, akazi awo ankakhala naye kuseri, kusankha nyemba, kulukana tsitsi ndi kutiseka ife amuna. Chishona sankachidziwa kupatula moni. Mayi ake, azakhali ake ndi anamkungwi ake onse anali kutali, ulendo wa masabata. Anali ndi azimayi amenewo basi.

Ndinayesa njira zaulemu poyamba. Ndinanyamula matabwa kupita kutchire, kuseri kwa mulu wa mchenga wa mgodi. Lamulungu lachitatu mphekesera inali itafika kale kunyumba kuti ndili ndi mkazi wa Chikaranga, mtundu wa eni dziko, kumeneko, ndipo wina analumbira kuti anamuona, wamtali, wa mpango wofiira. Mkazi wanga analira, ine ndinabwerera kukhonde. Kenako ndinayesa kudwala. Uku kunali kupusa kwenikweni. Munthu wabwinobwino amalandira alendo mmodzimmodzi, koma wodwala amalandira mpingo wonse ndi nyimbo zomwe. Ndinagona pamphasa maola atatu akundipempherera kuti ndichire malungo amene ndinalibe, ndipo ameni atangomveka, mmodzi anatulutsa pepala m'thumba. "Poti mwangogona, achimwene..."

Njira yeniyeni ndinaipeza pamaliro. Bambo wina wa ku Dedza anagweredwa ndi mwala pansi, ndipo tinamuika Loweruka. Mwambo wa sosaite unali wakuti manda aliwonse akhale ndi mtanda wa thabwa, wopakidwa zoyera, wolembedwa dzina ndi mudzi wa malemuyo, kuti m'bale wake akadzabwera asadzalire pamanda a munthu wina. Wokhoma mitanda anali mnansi wanga, bambo wa ku Tete, kalipentala wa pamgodi. Wopaka ndi kulemba ndinali ine, poti ndinkangokhala. Lamulungu masana ndinaupaka penti yoyera n'kuutsamiritsa kukhoma kuti uume ndisanalembe dzina, ine n'kukhala pambali pake.

Pakona panatulukira munthu, pepala la kalata lili m'manja. Anaona mtanda. Anaima, anavula chipewa, kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kubwerera. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu analowera mzere wina wa nyumba, kuzungulira mpaka kuzimbudzi, kuopa kudutsa pakhomo panga. Mtanda wolembedwa dzina suopsa, mwini wake amadziwika. Koma woyera mbee wopanda dzina, munthu safuna kuti umuzolowere nkhope. Tsiku limenelo palibe anati odi. Ndinatenga thabwa langa n'kujambula nkhope yathunthu, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, osadzuka ngakhale kamodzi.

M'mawa mwake ndinapita kwa kalipentala uja.

"Achimwene, mundikhomere mtanda wina."

"Maiwe! Wamwalira ndani?"

"Palibe. Wosungira chabe."

Anaika nyundo pansi. Chinyanja chake chinali chosakanikirana ndi cha kwawo ndi cha pamgodi. "Aikona, achimwene. Mtanda sasungira ngati mbewu. Lo ndaba mubi, nkhani yoipa iyi. Anthu adzati mukuitana."

"Kuitana ndani? Ndi matabwa awiri ndi misomali itatu. Si ndife Akhristu?"

"Akhristu inde," anatero, "koma tinayamba kubadwa, ubatizo unabwera pambuyo."

Anaukhomabe, chifukwa anali munthu wosatha kukana, matenda omwewo amene ndinkadwala ine. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Langa khutu linali litatsekeka ndi penti.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi dongosolo loposa la kampani. Lamulungu lililonse 2 koloko ikakwana ndinkatulutsa mtanda wanga kunsi kwa bedi, kuupukuta fumbi, kuutsamiritsa kukhoma, kenako kutsegula zitini. Ikakwana 5 koloko, kutsuka burashi m'parafini, mtanda kubwerera kunsi kwa bedi. Kaya mvula kaya dzuwa. M'kati mwa sabata ndinkasankha nkhope, kuiyang'ana mobera pamzere wolandirira ufa ndi nyemba kapena m'tchalitchi pa nthawi ya ulaliki, n'kuisunga m'mutu mpaka Lamulungu. Sindinapemphe munthu kuti akhale pansi ndimujambule, ndipo sindinauze munthu. Matabwa ouma ndinkawasanja kunsi kwa bedi komweko.

Ndipo dzanja linaphunzira. Ichi ndinena mosabisa, ngakhale zinatha moipa. Chinthu ukamachichita tsiku lomwelo, ola lomwelo, sabata ndi sabata, manja amayamba okha iwe usanaganize. Miyezi itatu isanathe mphuno zinasiya kusochera. Ndinadziwa kuti pansi pa diso la munthu wotuluka mumgodi pamafunika kachikasu pang'ono, kuti chipumi cha nkhalamba si chakuda koma chofiirira, ndi kuti penti yoyera ili ngati mchere, ikachuluka yawononga zonse. Sindinakhalepo wosangalala chomwecho, kale kapena pambuyo pake. Makalata ndinkalembabe Loweruka poweruka, ochepa chabe, ndipo eni ake ankanena mawu awo ali chiimire.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti pamgodi anthu amafa, ndipo safuna woitana. Wina chifuwa, wina mwala, wina chibayo m'nyengo yozizira ya ku Mvuma imene imalowa mpaka m'mafupa. Kale imfa zimenezi zinali za Mulungu ndi za mgodi. Tsopano zinapeza mwini. Mtanda unali panja Lamulungu, Lachinayi munthu wafa, mukufunanso umboni wotani? Sabata imene sipanafe munthu ankati mankhwala akadali kupsa. Anzeru ena anafotokoza kuti ndinapangana ndi azungu zoti mgodi uzidya anthu golide asathe, ndipo n'chifukwa chake ine ndinkagwira burashi anzanga akugwira nyundo. Ndinamva zonsezi n'kuseka. Ndinaona kuti mantha awo akundilondera pakhomo kuposa galu wolusa, komanso osafuna chakudya.

Amene sankaseka anali mkazi wanga, ndipo n'kuti ali ndi pakati poyamba. Azimayi aja anasiya kubwera kuseri Lamulungu. Kenako anasiyanso Lolemba, ndi Lachiwiri lomwe. Wopempha moto m'mawa ankadutsa khomo lathu kukapempha nyumba yachitatu. Mtondo wathu, umene kale unkagona kwa anthu masiku ambiri kuposa kwathu, unangokhala pakona. Akafika kumpope mzere unkamupatukira kuti atunge msanga achoke, ndipo tsiku lina mayi wina wa Chishona anakokera mwana wake kumbuyo n'kunena mokweza, "Mukadzi wemuroyi." Mkazi wanga sanafune womasulira kuti adziwe kuti akumunena mkazi wa mfiti. Choopsa koposa, mkazi wa mkulu wa mpingo, amene anali atayamba kumulangiza za pakati ndipo ndiye ankayenera kudzamuthandiza tsiku lochira, anayamba kudwala mutu nthawi iliyonse akaitanidwa.

Mkazi wanga anandiuza Lamulungu lina ndikutulutsa mtanda. Anaima pakhomo, dzanja lili pamsana.

"Bambo, chinthu ichi chichoke m'nyumba muno."

"Ndi thabwa, mayi."

"Thabwa limeneli ndimagona pamwamba pake ndi mwana wanu m'mimba. Tsiku langa likafika adzandigwire ndani? Inu ndi burashi?"

"Adzabwera. Anthu opemphera sangasiye mnzawo chifukwa cha zamkutu."

"Inu mwapeza maola atatu," anatero. "Ine ndataya sabata yonse."

Ndinamuuza kuti ndingomaliza nkhope imene ndinali nditayamba, kenako mtanda upita. Sindinkanama pamene ndinkanena. Koma nkhope ija itatha panali ina imene ndinali nditaiona kale pamzere wa ufa, ya bambo wina wa chipsera pamlomo, ndipo kuisiya kukanakhala kuwononga. Nditamaliza imeneyo panalinso ina.

Mkulu wa mpingo wathu anali khukhi wa kwa manijala, munthu wofatsa, wonenepa, woopa Mulungu ndi afiti mofanana ndipo wosafuna kukhumudwitsa mbali iliyonse. Anandiuza mwaulemu kuti Lamulungu likudzalo, mapemphero akatha, abale akufuna kumva za mtanda. Ine ndinakondwa. Ndinati tsopano ndiwaonetsa. Anthu akuganiza kuti ndimakhala pambali pa mtanda kuchita zamatsenga, ndiye akaona ntchito ya manja anga aseka, achita manyazi, mwinanso awomba m'manja. Ndinalongedza matabwa onse m'masaka awiri. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinamuyankha kuti nkhani za amuna azisiyire amuna.

Tchalitchi chathu chinali chishedi cha malata. Tsiku limenelo munadzaza kuposa pa Khirisimasi, kuphatikizapo anthu amene sankapemphera nafe. Mkulu wa mpingo anayamba ndi kuzungulira, za chikondi cha pa abale, za kukhala kudziko la eni, kenako anafunsa kuti mtanda wopanda dzinawo mwini wake ndani. Ndinaimirira n'kufotokoza pang'onopang'ono, kuti ngakhale osaphunzira amve, kuti ulibe mwini, ine ndinkangofuna mpata.

"Mpata wochita chiyani, achimwene?"

"Wa izi," ndinatero, n'kumasula masaka.

Ndinawasanja motsamira khoma, limodzilimodzi, kuyambira kuguwa mpaka kukhomo. Za ndondomeko sindinaganizeko, ndinkangoika mmene ankatulukira m'saka. Nditamaliza ndinatembenuka kuti ndilandire ulemu wanga.

Anthu ankayang'ana nkhope zawo zomwe, zimene sanabwereke munthu, zitagona miyezi kunsi kwa bedi limodzi ndi mtanda. Ndipo apa dzanja langa lija ndilo linandipereka, chifukwa zinafanana. Zikanakhala zoipa ngati ya kapitawo, bwenzi aliyense akukana kuti si iye. Pakati pa matabwawo panali atatu a anthu amene tinali titawaika m'manda chaka chomwecho. Ndinawajambula ali moyo, akudya, akuseka, ndipo ine wanzerune sindinaone kuti pamenepo pali nkhani.

Bambo wa chipsera pamlomo uja ananyamuka. Thabwa lake linali pakati pa malemu awiri.

"Ine ndakulakwirani chiyani?" anafunsa. "Ana anga ali kumudzi. Mwandiikiranji pamzere umenewu?"

"Si mzere, bambo. Angotuluka choncho m'saka."

"Angotuluka choncho!" anabwereza wina kumbuyo, ndipo azimayi anayamba kulira.

Ndinayesa kumufotokozera kuti ndinamusankha chifukwa chipsera chake n'chokoma kujambula. Mawu amenewa sanathandize. Ndinati azungu amajambulitsa nkhope zawo n'kupachika m'nyumba, koma safa. Wina anayankha kuti azungu amajambulitsa okha, sachita kubedwa. Munthuyo ananena zoona.

Chigamulo chinali chofatsa ngati mwini wake. Mtanda upite kumanda ukadikirire komweko. Aliyense atenge nkhope yake achite nayo zimene akufuna, za malemu atenge abale awo. Ine ndisadye mgonero miyezi isanu ndi umodzi. Palibe anatchula mawu oti mfiti, poti tinali m'nyumba ya Mulungu. Anthu anafola kutenga matabwa, ambiri atakulunga manja m'malaya. Ena anakawatentha, ena anakapala pentiyo ndi mpeni kumtsinje, mmodzi anapita nalo kwa sing'anga wa kumidzi. Kapitawo, amene sankapemphera, anatumiza uthenga kuti lake akulifuna, ndipo atalilandira anadandaula chimodzi chokha, kuti ndikanamudzutsa kaye atseke pakamwa. Kalipentala wa ku Tete yekha ndiye anapachika lake kukhoma, ndipo anakhala ndi moyo mpaka mano onse anatha.

Mtanda unapita, koma alendo sanabwerere. Zimene ndinkapempha ndinazilandira ndi basela yomwe. Lamulungu masana pakhomo panga panali bata, Loweruka bata, makalata anayamba kupita kwa kalaliki wa kusitolo, wa zilembo zokhotakhota. Ndinatola matabwa atsopano n'kuyamba kujambula mulu wa mchenga, thanki ndi mitengo, zinthu zopanda ana kumudzi. Ndinadziuza kuti anthu aiwala. Amuna anaiwaladi pang'ono, poti kuntchito sungasankhe woima naye. Azimayi sanaiwale.

Pakati patakwana miyezi isanu ndi iwiri, mkazi wanga anapita yekha kwa mkazi wa mkulu wa mpingo. Anagwada panja. Anamupatsa madzi akumwa pakhomo pomwepo osamulowetsa, n'kumuuza kuti tsiku likafika tidzaona mmene Ambuye adzatsogolere. Atabwerako sanalire. Anayamba kuchapa nsalu zake zonse n'kuzipinda. Panali banja lina la kwathu, la pamgodi wina kumene nkhani yathu inali isanafike, limene linkabwerera kumudzi pa sitima yodzera ku Beira, ndipo iye anati apita nawo akachirire kwa mayi ake. Mtima unandiwawa, koma sindikanamuletsa. Ndikanamulonjeza mzamba uti?

Ndinamuperekeza kusiteshoni ya Mvuma m'mawa kukuzizira, nditamusenzera bokosi limene ndinalembapo dzina lake ndi zilembo zokongola kwambiri. Tinakhala pabenchi ya anthu akuda kudikira sitima ya ku Gwelo. Ine ndinkalankhula zopanda pake, za kusamala tikiti, za posinthira sitima. Iye anandidula mawu.

"Lolemba lililonse posesa," anatero, "ndinkatulutsa matabwa anu aja kuti ndione watsopano ndani."

"Simunandiuze."

"Ndinkati mwina sabata ino. Tsiku lija m'tchalitchi anthu akufola, ine ndinakhala kumbuyo mpaka matabwa anatha. Komboni yonse inali ndi chokatenga, bambo. Ngakhale kapitawo."

Ndinamva manyazi, ndipo munthu wamanyazi amathamangira bodza lapafupi. "Inu simunkakhala pansi, mayi. Ndikanakujambulani bwanji?"

Sitima inalira. Tonse awiri tinkadziwa kuti enawo sanakhalenso pansi. Ndinkangowayang'ana.

Mwana anabadwa wamkazi, wamoyo. Kalata yondiuza inalembedwa ndi mphunzitsi wa kumudzi. Mayi ake sanabwererenso, anati kumeneko ali ndi anthu. Ankhoswe anathetsa ukwati wathu patapita zaka zitatu, ndipo mwanayo ndinamuona koyamba akutha kale kusenza chitini cha madzi. Kujambula sindinasiye, ndisaname. Lamulungu lililonse 2 koloko ndimatsegula zitini, kuyambira pamgodi uja, kenako ku Gwelo, mpaka lero. Anthu amayamikira khama langa n'kumandifunsa kuti nthawi ndinkaipeza kuti, ine n'kumawauza kuti chachikulu ndi dongosolo.

Lamulungu loyamba mkazi wanga atapita ndinasankha thabwa losalala kuposa onse. Panalibe woti odi. Nkhope za anthu a pamzere wa ufa ndikanazijambula nditatsinzina, mpaka makwinya a atatu ogona kumanda aja. Ndinakhala maola atatu burashi ili m'manja, kufunafuna mmene maso a mkazi wanga anakhalira. Pamene 5 koloko inkakwana, pathabwa panali mpango, khosi ndi msana wa munthu wowerama pamoto. Ndinatsuka burashi m'parafini n'kulowa m'nyumba.